Mapepala Okulungira Vitumbuwa

Alongo anga aakulu anali wojambula. Ku Lusaka ankajambula tinkhani ta zithunzi ta m'magazini, tija ta m'timabokosi, mawu a anthu ali pamwamba pa mitu yawo. Atadwala, chapakati pa zaka za m'ma 1990, anabwerera kwathu ku Chinyunyu ndi sutikesi imodzi, botolo la inki ndi zolembera za nsonga yachitsulo. Anakhala nafe miyezi ingapo, akujambulabe pakhonde tsiku limene thupi lalola, kenaka tinawaika m'manda.

Ine ndinali mayi wa ana awiri, wogulitsa vitumbuwa pamsewu waukulu. Sindinama, zojambulazo ndinkaziona ngati masewera a munthu wamkulu. Magazini awo ndinawasunga bwino m'pulasitiki poti anali aukhondo. Koma m'sutikesimo munalinso mulu wa mapepala aakulu olimba, othimbirira, pena pensulo, pena madontho a penti yoyera. Ndinati awa anali ophunzirirapo basi. Nyuzipepala zakale zitasowa, ndinayamba kutenga apamwamba, kuwang'amba panayi n'kumakulungira vitumbuwa. Ndinkadzitama pamaso pa anzanga kuti mapepala anga mafuta saboola msanga.

Tsiku lina basi ya ku Chipata inafera pafupi ndi pamene ndinkakhala. Anthu anatsika akudandaula dzuwa. Bambo wina wa imvi anagula vitumbuwa n'kukhala pamwala. Atangoluma, anasiya kutafuna, maso ali papepala.

"Amai, iyi pepala mwaichosa kuti?" anandifunsa.

"Ni vinyalala va ba brother anga, anamwalila. Ngati ili na doti nikupaseni ina."

"Iyayi. Bwelani muone."

Ndinapita monyinyirika chifukwa ogula anali ambiri. Anandiuza kuti anagwira ntchito zaka zambiri kosindikiza mabuku, ndipo anati ndiyendetse chala papepalapo. Ndinamva inki youma itatukuka pang'ono, ndi tingalande pamene nsonga inakanikiza.

Panali nkhope ya mwamuna wovala chipewa, theka lokha, poti theka linalo ndinali nditapatsa wina. Bamboyo anandionetsa mdima wa pansi pa chipewacho. Sunali wopaka ayi. Unali timizere tambirimbiri, tina topingasa tinzake: pamene tathithikana pada bii, pamene tatalikirana payera. Patsaya sanalembepo kanthu, komabe tsayalo linkaoneka kuti lawombedwa ndi dzuwa. Mzere wa chibwano unayamba wowonda ngati tsitsi, n'kunenepa pakati, n'kuwondanso. Anati mzere wotere munthu amaukoka kamodzi, atagwira mpweya, chifukwa inki sifufutika. Penti yoyera imene ndinkaiyesa litsiro inali pamene dzanja linaterereka, mwini wake n'kukonza.

"Iyi ndiye original, amai. Vija va mu magazine ni makope chabe. Apa ndiye pamene anagwila na kwanja kwao." Anatembenuza kachidutswako. "Mukayangane kunyumba. Yamene inapita ku printing imankala na chidindo kumbuyo. Ngati ilibe, ndiye kuti kulibe kope ina."

Beseni la vitumbuwa ndinasiyira mnzanga, n'kuthamangira kunyumba chitenje chikumasuka.

Mapepala a pansi anali ndi chidindo onse. Apamwamba analibe. Inali nkhani yawo yomaliza, ija ya pakhonde, imene palibe anaiwerengapo. Anali ataika manambala pakona, ndipo popeza tsamba lililonse akamaliza ankasanjika pamwamba pa linzake, ine ndinayambira kumapeto kung'amba. Otsala anali asanu ndi limodzi oyambirira.

Ndinawayala pamphasa, ndipo aka kanali koyamba kuwaona ndi maso enieni. Inali nkhani ya mayi wina wobwera kutali kudzafuna mwamuna wake m'tauni. Ndinaona kutopa kwake m'timizere ta pansi pa maso. Ndinaona fumbi la msewu, lopangidwa ndi timadontho tokha, ndipo ndinaganiza za dzanja lowonda la alongo anga likudontheza kamodzikamodzi, ine ndikudutsa pomwepo ndi mtsuko osacheuka. Manyazi anandigwira, ndinalira kuposa tsiku la maliro.

Pa tsamba lachisanu ndi chimodzi mayiyo akukankha chitseko cha nyumba ina. Nkhope yake yadzaza bokosi lonse, maso atong'ola, kukamwa yasa. Chimene waona chinali pa tsamba lotsatira.

M'mawa mwake ndinayenda m'mphepete mwa msewu ndikuvundukula udzu. Mbuzi ndi mphepo zinali zitandiyambirira. Ndinatola tizidutswa tiwiri tonona mafuta, kena phazi la munthu, kena nthambi ya mtengo.

Mpaka lero sindidziwa chimene mayi uja anaona kuseri kwa chitseko. Alongo anga anali atandisiyira yankho lonse m'manja, ine ndinaligawira anthu a m'basi kuti apukutire milomo.