Tebo ya a Masofiira

Pamsewu wopita kumsika, pakati pa wogulitsa matabwa ndi wokonza mafiriji, pali kashedi ka malata komwe a Masofiira akhala akuwotcherera zitsulo zaka makumi awiri ndi zinayi. Dzinali anawapatsa ndi makasitomala, chifukwa magalasi akuda otetezera maso powotcherera bambowa amavala akakumbukira basi. Mageti, mafelemu a mawindo, mabedi, ekizozi ya galimoto ikabooka, zonsezo n'kwawo. Ndi munthu wosayankhulayankhula, wamanzere, wokhulupirira anthu mopitirira muyeso.

Galimoto sanaifunire matama. Akazi awo anayamba kudwala chiuno, mwendo umodzi n'kumakoka, ndipo kuchipatala anawauza kuti azipita Lachinayi lililonse kukawongoledwa. Ulendowo ndi wa minibasi ziwiri. Kukwera kokha inali nkhondo: a Masofiira kuwakankha kumbuyo, kondakitala kuwakoka dzanja kwinaku akukuwa kuti amayi changu, mayiwo ataluma mano kuti asalire pagulu. Akafika kunyumba ankagona mpaka mawa lake. Ndiye bambo anatsimikiza mumtima kuti zivute zitani, mkazi wawo adzapita kuchipatala atakhala mpando wakutsogolo, mwendo atautambasula.

Galimotoyo anaipeza kuseri kwa bekale ina yophika buledi, yabuluu wofwifwa, matayala ataphwa, nkhuku zikuikira pampando wakumbuyo. Mwini wake anaigulitsa mtengo wa geti limodzi, ndipo sanabise chifukwa chake: tebo inafa. Tebo ndi kachitsulo kozungulira ngati nkhono, kamene kamapopera mpweya mu injini kuti galimoto ikhale ndi mphamvu. Ikafa, galimoto imangofuka utsi n'kumakwera chitunda ngati nkhalamba.

A Masofiira sanade nkhawa, chifukwa anali ndi achimwene awo, makaniko wodziwika, wa galaja kuseri kwa depoti. Mkuluyo ndiye anawalera bambo awo atamwalira, ndiye anawagwiritsa sipanala koyamba. Atamva nkhaniyo anaseka, n'kunena kuti aibweretse kwake, munthu sangamalipire akunja mkulu wake alipo. Anaikoka ndi chingwe, anthu a pamsewu akuwazuma, n'kuikweza pamiyala pakona ya galajayo.

Loweruka lililonse masana, akatseka shedi, a Masofiira ankapita kumeneko. Pansi pa galimotopo panali podyeka ndi dzimbiri moti munthu ankaona nthaka ali mkati. Anadula, n'kuika chitsulo chatsopano. Anakonza chitseko chakutsogolo kuti chizitseguka kwambiri, mwendo wodwala usamagunde. Miyezi ikupita, anagula batire, kenaka mapaipi a madzi, kenaka mabuleki. Akazi awo nawo anasoka nsalu zophimbira mipando asanaione n'komwe galimotoyo.

Chinatsala ndi tebo. Anagulitsa njinga yawo ndi jenereta yaing'ono, n'kupeza yogwirapo kale ntchito kwa wogulitsa zitsulo zakale. Mkati inali yamoyo, koma khutu limodzi lomangirapo bawuti linali long'aluka. Chitsulo cha tebo n'chovuta, ukachiwotcherera mwachangu chimang'aluka pomwepo ukuona. A Masofiira anayamba achitenthetsa pamakala, n'kuwotcherera pang'onopang'ono, kenaka anachikwirira mumchenga wotentha kuti chizizire chokha. Atachifukula mawa lake, mzere unali waukhondo, wopendekera kumanzere monga mizere yawo yonse. Anakaipereka kwa achimwene ndi manja awiri. Iwo anati aisiye, aimanga mkati mwa sabata.

Sabata inasanduka milungu itatu, koma tsiku linafika. Injini inalira, a Masofiira anazungulira nayo depoti, mtima uli m'mwamba. Pobwerera, pakachitunda ka pasukulu, galimoto inayamba kulira ngati ketulo, utsi wabuluu tolo kumbuyo, mphamvu zii. Anangokwawa nayo mpaka pagalaja n'kuzimitsa.

Achimwene anafunsa ngati anaima penapake panjira. Iwo anavomera kuti anaima pagolosale kugula madzi. Nanga injini anaizimitsa nthawi yomweyo? Eya. Apo mkuluyo anagwira mutu. Anawakalipira pamaso pa amakaniko anzake kuti galimoto ya tebo sazimitsa ili yotentha, amaisiya ipume kaye, apo ayi oyilo amapsa mkati; kuti waipha yekha ndi umbuli wake; kuti kuwotcherera mageti si kudziwa galimoto. Ndipo a Masofiira, abale inu, anapepesa. Anapepesa! Anapita kunyumba wapansi, n'kukauza akazi awo kuti awononga okha chinthu chomwe anagulitsira njinga. Miyezi iwiri anayenda ndi manyazi amenewo, Lachinayi lililonse akukankha mkazi wawo pakhomo la minibasi, akudzitukwana mumtima.

Tsiku lina mmawa panabwera mwini famase wina ndi galimoto ya mtundu womwewo, yoyera, yonyezimira, akuti ekizozi ikuphokosera. A Masofiira anayala katoni, n'kulowa pansi chagada, n'kumalondola paipi ndi tochi kupita ku injini. Pamene paipi imakumana ndi tebo, tochi inaima. Khutu lomangirapo bawuti linali ndi mzere wowotcherera, waukhondo, wopendekera kumanzere. Munthu saiwala dzanja lake. Anaukhudza ndi chala, n'kukhala pansipo nthawi yaitali, mpaka mwini galimoto anafunsa ngati ali bwino.

Anatuluka, n'kufunsa mwaulemu kuti tebo anaipeza kuti. Wa famaseyo anayamikira kwambiri makaniko wa kuseri kwa depoti, kuti ndi katswiri, anamupezera tsiku limodzi lokha pamene ena onse analephera. Linali liti? Miyezi itatu yapitayo.

Tsono pali khalidwe lina la m'magalaja lomwe aliyense wa ntchitoyi amalidziwa. Galimoto ikakhalitsa pamiyala imasanduka sitolo. Kasitomala wachangu akabwera, amakamasula pa yogonayo n'kumanga pa yake, amvekere tidzabwezera. A Masofiira ankadziwa bwino lomwe, iwonso anadulapo ekizozi pa magalimoto otero achimwene atawatuma. Kungoti sanaganizepo kuti ya m'bale nayo imalowa m'gulu limenelo. Kulakwa kwawo kunali kumeneko.

Anatseka shedi dzuwa lili pamutu. Pagalaja sanapereke moni, anangolunjika pakona n'kutsegula boneti. Tsopano atayang'anitsitsa anaona: tebo yomangidwapo inali yakufa ija, yotsukidwa ndi petulo, yokwechedwa ndi bulashi kuti iwale. Batire silinali lawo. Mapaipi a madzi anali akale, omangidwa ndi waya.

Achimwene anabwera akupukuta manja ndi chisanza. A Masofiira anawauza zomwe anaona pansi pa galimoto yoyera ija. Mkuluyo sanakane, ngakhale kuchita manyazi.

"Ndinangobwereka, iwe. Munthu uja anali pachangu, yako inali itangokhala. Ndikanapeza ina n'kubwezerapo."

"Nanga kundikalipira kuja, achimwene? Pamaso pa anthu, kuti ndaipha ndekha?"

"Nanga ndikanati chiyani?"

Basi, yankho lonse linali limenelo. Kenaka anawonjezera kuti asaiwale amene anamulera, ndi kuti alamu akhala akukwera minibasi nthawi yonseyi, miyezi ingapo yowonjezera singawaphe. A Masofiira sanatukwane, sanaponye sipanala. Chinawawawa si chitsulo chija. Chinawawawa n'chakuti munthu amene ankamutenga ngati bambo wawo anawayang'ana akupepesa, n'kulandira kupepesako. Anatseka boneti n'kutuluka.

Kunyumba nkhaniyi sanaiulule.  Akazi awo ankawakonda alamu awowo, ndipo nsalu za mipando zinali zopindidwa bwinobwino pamwamba pa kabati.

Lachinayi minibasi inabwera yodzaza, malo otsala ndi kampando kopinda ka pakhomo. A Masofiira anagwira akazi awo m'chiuno n'kuwakweza, mwendo uja unagunda pachitsulo, mayiwo anatseka maso kanthawi. Atakhazikika anaona nkhope ya amuna awo, n'kuganiza kuti akudziimbabe mlandu. Anawagwira dzanja.

"Musamadzizunze, abambo, kulakwitsa kumachitika. Ndipo mukawathokoze achimwene, atithandiza kwambiri. Muwauze asadzipanikize chifukwa cha ine, ndazolowera."

Kondakitala anamenya chitseko kuti atseke, ndipo a Masofiira anangoti akawauza.