Ndinawauza Njira ya Tadala

Ndinali ndi zaka khumi pamene pakamwa panga panagulitsa mlongo wanga. Mayi ankasoka zovala pakhonde la sitolo ina ku Old Town, ndipo kasitomala wawo anatiitanira ku chinkhoswe cha mwana wake ku Area 9. Tinapita atatu: mayi, ine, ndi Tadala, mlongo wanga wamng'ono, mnyamata amene anabadwa ndi khungu lachialubino. Inali nyengo ija wailesi inkalengeza kawirikawiri za anthu onga iye akusowa.

Sitinkadziwako aliyense. Mayi anakhazika Tadala mutenti, chipewa kumutu, n'kupita kukaveka mkwatibwi. Ine, woyabwa pakamwa chibadwire, ndinazungulira mpaka kuseri kwa galaja, kumene anthu anayi ankaotcha nyama akukangana za makondakitala a minibasi. Ndinalowererapo osaitanidwa, n'kuyeserera mmene amakuwira kudepoti. Anaseka mpaka misozi, ine mtima dyokodyoko.

"Ndiwe wochangamuka iwe," anatero bambo wina wa jekete lachikopa, akundipatsa nthuli. "Kamwana kachipewa kaja n'kakwanu?"

"Eya, ndi mlongo wanga."

"Kamapita kusukulu? Amakaperekeza ndani?"

Ndinakhuthula zonse, monyadira. Ndinatchula sukulu yathu. Ndinati iye amaweruka ine ndisanaweruke, ndipo amabwerera yekha kudzera kanjira ka kuseri kwa chigayo. Enawo anali atabwerera ku nkhani zawo, koma bamboyo ankangondiyang'ana, nyama ikupserera pamoto. Za chigayocho anandifunsa kawiri.

Ndinangomva dzanja la mayi paphewa, lozizira. "Pepani, mwanayu ndi wolongolola," anatero mwaulemu, n'kundikoka. Tinachoka ankhoswe asanasinthane n'komwe nkhuku. Muminibasi sanandikalipire, ngakhale ine ndinkalakalaka akanangondimenya. Anangofunsa chapansipansi kuti, "Bambo uja dzina lake ndani?" Ndinati sindikudziwa.

Mawa lake mayi anakafunsa kwa eni phwando. Mwa anthu ootcha nyama aja, atatu ankadziwika. Koma wa jekete uja, akuchikazi ankayesa ndi wa kuchimuna, akuchimuna ankayesa ndi wa kuchikazi. Palibe anamuitana, palibenso anamuona akutuluka pageti.

Tadala sanapondenso kusukulu kwathu. Anakhala m'nyumba masabata atatu, chitseko chokhoma, kenako mayi anamutumiza kusukulu yogonera komweko, kutali, atamuuza kuti kumeneko mabuku ake ndi a zilembo zikuluzikulu. Analira pokwera basi, akundigwira siketi.

Mwina bambo uja anangobwera kudzadya nyama yaulere. Anthu otere ndi ambiri m'tauni muno. Sindidzadziwa. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti mayi analibe mpata wodikira kuti aone, ndipo kuti mlendo akamakusekerera kwambiri uziyamba wafunsa kuti wabwera ndi ndani. Tadala anakulira kutali nafe, tinkangomuona patchuthi. Lero ndi mnyamata wamkulu, ndipo amakhulupirirabe kuti anamuchotsa pakhomo chifukwa cha maso ake. Ine sindinalimbebe mtima womuuza.