Nkhope Yofiira m'Sutikesi ya Atate

Chaka chimene madzi analowa m'nyumba mwathu ku Kanyama, mu Lusaka, ndinali mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi. Kumeneko mvula ikagwa madzi salowa pansi, chifukwa pansi pake ndi pamwala. Tsikulo inagwa yambiri, moti nthawi yopita kusukulu itakwana madzi anali akulekeza m'mawondo. Atate anali atapita kale kuntchito yawo yonyamula matumba a simenti. Amayi ankakapa madzi ndi ndowa pakhomo, ine n'kundituma kuti ndikweze katundu pamwamba pa kabati.

Pansi pa bedi la makolo panali sutikesi yachitsulo imene atate sankalola munthu kuikhudza. Ankati muli mapepala a kumudzi. Nditaikoka, loko wake wadzimbiri anathyoka. Munalibe pepala ngakhale limodzi. Munatuluka nkhope yosema, yofiira, ya mano otalikirana ndi nthenga zakuda pamutu, n'kuyamba kuyandama chagada ikundiyang'ana. Ndinaigwira kuti isapite ndi madzi, ndisanaganize n'komwe.

Ine ndinabadwira m'tauni. Kwawo kwa atate, kufupi ndi Katete, ndinali ndisanapondeko. Koma za Gule Wamkulu ndinkazimva kwa amayi ochokera kum'mawa tikamatunga madzi pampopi. Ankati zilombo za gule si anthu, amachita kuzivuula m'madzi, ndipo mkazi akaona zimene sayenera kuona amatupa miyendo, mwinanso amatengedwa osabwerako.

Ndinakuwa. Amayi atalowa anaponya ndowa pansi.

"Waigwira? Iwe mwana, waigwira na manja?"

"Ndaigwira, amayi."

"Yesu wanga! Vinthu va atate ako ivi!"

Amayi anali a mpingo wa Pentekosite. Anandigwira pamutu n'kupemphera mokweza, tonse titaima m'madzi akuda aja. Kenako anaikankhira nkhopeyo m'sutikesi ndi mtengo wa tsache, nati mawa apita nayo kwa abusa kuti akaitenthe.

Atate anabwera chakumadzulo, dzuwa lisanalowe. Atamva, anakhala pabedi osavula ngakhale majombo.

"Ndani wina waona?"

"Ine na mwana chabe," anatero amayi.

"Kwa abusa simupita nayo. Si yanga. Inali ya akulu anga aja anamwalira. Ndinaitenga pamaliro ndili wokwiya, ndipo zaka zonsezi ndimaopa kuibweza."

Bambo amene ankanyamula matumba awiri a simenti nthawi imodzi ankalephera kumanga chingwe pasutikesi. Mantha anga enieni anayambira pamenepo.

Patapita masiku atatu miyendo yanga inayamba kuyabwa, kenako inatupa. Kuchipatala anati ndi madzi oipa aja, anandipatsa mankhwala opaka ndi akumwa. Theka la ana a mumzere mwathu linali ndi zilonda zomwezo, koma ine sindinakhulupirire kuti zanga n'zofanana ndi zawo. M'mawa uliwonse ndinkakanikiza chala pamwendo kuona ngati kutupa kwakwera. Amayi ndi atate anakangana masiku awiri, pomaliza atate anati, "Tipita kumudzi, ine na mwana."

Pokwera basi kondakitala anafuna kuika sutikesi pansi pamodzi ndi katundu wina, atate anakana. Anaifungatira pamiyendo ulendo wonse, ine ndili pambali, ngodya yake ikundigunda bondo basi ikakhota m'mapiri. Tisanawoloke mlatho wa Luangwa wapolisi analowa n'kuyamba kugogoda zikwama.

"Muli chani umu, mudala?"

"Za kwathu," anatero atate motsitsa mawu. "Zibwerera kudambwe."

Dambwe ndi malo obisika kumene zilombo zimakhala. Wapolisiyo ayenera kuti anali wakum'mawa. Anachotsa dzanja msanga ngati wagwira mbaula, anandiyang'ana ine, n'kupitirira.

Tinadutsa Nyimba, Petauke, Sinda, timatauni ta msewu umodzi tokhala ndi magolosale ndi njinga zambirimbiri. Anthu ankatsika akuseka, abale awo akuwalandira katundu. Ine ndinkangoganiza kuti mwina m'basi yobwerera sindidzakhalamo.

Kumudzi anatilandira azakhali, mlongo wawo wa atate, mayi wamfupi wolima mtedza. M'mawa mwake kunabwera amuna atatu. Sanandilonjere. Anatenga atate, sutikesi ndi nkhuku imene atate anagula pa Katete, n'kulowera kumitengo ya kumanda. Azakhali anandikhazika pamphasa kuti tiziswa mtedza.

Dzuwa lili paliwombo ng'oma zinayamba. Amayi a m'mudzi anatuluka akuimba, ana akuthawira m'nyumba. Ndinafuna kuthawa nawo, azakhali anandigwira chitenje.

"Khala. Chikubwerera iwe."

Chilombo chinatulukira kuseri kwa nkhokwe chikuthamanga, thupi lonse matope, masaka akulendewera m'chiuno, nkhope yake yofiira yomwe ija. M'madzi inali mtengo chabe, koma apa inkatembenuka, inkafunafuna. Chinalira ndi mawu aang'ono osakhala a munthu. Mkodzo unanditsika osaumva.

"Gwada," ananong'oneza azakhali, akundikanikiza mutu pansi. "Omba m'manja. Usayang'ane mapazi ake."

Ndinatseka maso. Ndinachimva chikundizungulira, fumbi likundilowa m'kamwa, fungo la dothi lonyowa ndi thukuta. Chinaima pafupi moti ndinkamva kupuma kwake. Masamba ozizira anandikwapula pang'ono m'miyendo, kamodzi, kawiri. Ndinadikira kuti chindinyamule. Amayi aja anaimba mokweza, ndipo pamene ndinatsegula maso chinali chikulowera kumunda wa chimanga.

Azakhali anandiperekeza kubafa okha, anachapa chitenje changa osauza munthu. Ndikuvala anandifunsa, "Kodi ku Lusaka kuja unaona chiyani m'sutikesi?"

Apa ndinamvetsa kuti za gule siziululidwa.

"Sindinaone kanthu, azakhali."

"Eya. Wakula."

Atate anabwera madzulo atasamba, alibe sutikesi. Anadya nsima mbale ziwiri. Sitinakambepo za tsikulo, ngakhale m'basi, ngakhale zaka zonse zotsatira. Miyendo inaphwa sabata yomweyo, mankhwala a kuchipatala atatsala pang'ono kutha.

Titafika ku Kanyama amayi anandikokera kuchipinda n'kutseka chitseko.

"Anakuchita chani kuja?"

"Palibe, amayi. Tinali kuswa nshawa chabe."

Sanandikhulupirire. Mwezi wathunthu ankandikhazika pabenchi lakutsogolo kutchalitchi, abusa akundisanjika manja Lamulungu lililonse, ndipo ine ndinkagwada osakana.