Bango la a Mtonga

Aliyense wodutsa pa Manyamula amawadziwa a Zondwayo Mtonga. Ndi aja amasoka nsapato pakhonde la golosale yoyang'ana kumsika, ali pachikuku chawo, singano kukamwa, ulusi m'manja. Salankhula zambiri, ndipo ukawauza chinthu amayamba akuyang'ana kaye ngati wawanamiza.

Sanabadwe choncho, yayi. Anali ndi miyendo yawo ngati wina aliyense, ndipo atangokwatira anapita ku Joni monga achitira anyamata akuno. Kumeneko ankakweza njerwa pa nyumba zosanja. Chaka chachinayi thabwa linathyoka, iwo n'kugwa chagada pamulu wa zitsulo. Anzawo amabwerako ndi mafiriji ndi malata, iwo anabwerako ndi chikuku. Kuyambira pamchombo kutsika m'munsi samva kanthu. Mukawaponda phazi angoyang'ana nsapato yanu ngati ikufunika kusoka.

Anthu amamvera chisoni miyendo. Miyendo si nkhani. Nkhani ndi ya kuchimbudzi, koma imeneyo palibe amaifunsa, ati ulemu. Munthu wothyoka msana thupi silimuuza kuti nthawi yakwana. Amachita kuliikira nthawi yekha ngati wokama ng'ombe, ndipo akaphonya zimachitikira pomwe alipo, kaya ndi pamsika kaya m'tchalitchi. Nthawi ya a Mtonga inali faifi koloko madzulo. Kunyumba anamanga chimbudzi cha khomo lalikulu, mpando wa matabwa woboola pakati, ndi mtengo wogwira pambali. Kunja kwa mudzi sankagonako. Pa zaka khumi ndi chimodzi anagonako kawiri basi, ndipo kawiri konseko anali ndi akazi awo, Leah NyaZimba, mayi wamfupi koma wamsana wolimba, amene ankawanyamula pomwe chikuku chakanika.

Ulendo woyamba anthu a paloji anawauza pafoni kuti, "Bwerani adada, bafa lathu ngakhale ngolo ikhoza kulowa." Atafika chikuku chinakakamira pakhomo. NyaZimba anachita kuwakoka pansi atawagoneka pachitenje. Atabwerera kumudzi a Mtonga anatumiza bango kudambo, n'kulidula mofanana ndi kukula kwa chikuku, kuchoka tayala ili kufika tayala ilo. Kuyambira pamenepo mawu a munthu wa paloji sankawamvanso. Ankamva bango.

Chaka chino NyaZimba anapezeka ndi chotupa m'mimba. Madokotala a chipatala cha paboma anati opareshoni ndi Lachinayi m'mawa. Wowadikirira anali mng'ono wawo Caroline, poti m'wodi ya amayi mwamuna sagonamo. Abale onse anati a Mtonga atsale, adzauzidwa pafoni. Iwo anangoti, "Mkazi anandikoka pachitenje uja alowe kumpeni ine ndili pa Manyamula?" Lachitatu anakwera galimoto, chikuku atachimanga pamwamba. Ankafuna chipinda cha masiku atatu, chomwe angathe kudzithandiza okha, poti wowanyamula ndi amene anali chigonere.

Loji yoyamba inali ya masitepe. Yachiwiri chimbudzi chake chinali chonjuta, kuseri kwa nyumba. Yachitatu anawauza kuti zipinda zadzaza, chonsecho makiyi onse ali lendelende pakhoma. Anawawerenga, analipo naini. Pofika yachinayi, kuseri kwa msika, foro koloko inali itadutsa.

Mwini wake anali a Immaculate NyaHara, mayi wamasiye wamagalasi, amene ankalandira yekha alendo chifukwa antchito sankawakhulupirira.

"Monire, amama. Chipinda cha bafa m'kati chilipo?"

"Chilipo. Muli ndi ndani?"

"Ndekha."

NyaHara anasuzumira kumbuyo kwawo. "Nanga wokukankhani?"

"Manja ndi awa. Ndione kaye bafa."

"Bafa ndi labwino chomene, lamatailosi."

"Matailosi sindinafunse. Ndione khomo lake."

Anawatsogolera ku nambala foro. Khomo la chipinda chikuku chinalowa bwinobwino. A Mtonga anasolola bango lawo kumsana kwa chikuku n'kulipingasa pakhomo la bafa. Chitseko chake chinkatsekukira m'kati, n'kukagunda sinki chisanafike kukhoma. Bango linakana, linatsala zala ziwiri. Anayesanso m'munsi, anayesa pakati, akung'ung'udza okha. Sanaone kuti mayi aja abwerera m'mbuyo mpaka pabedi.

Paja kuno bango limayesa chinthu chimodzi. Munthu akatisiya, adzukulu amayesa thupi lake ndi bango, n'kupita nalo kumanda kuti akadziwe pokumba.

"Adada, mukuyesa chiyani m'nyumba mwanga?"

"Khomo. Chitseko ichi chichoke, mbwenu ndilowa."

"Chichoke chipite kuti?"

"Tingochigoneka pansi apa. Pochoka ndidzabwezera."

NyaHara anagwira pakamwa. Kwawo ku Champhira anaonapo chitseko chikuzulidwa kawiri, ndipo kawiri konseko chinakhomedwa bokosi la maliro.

A Mtonga anatsekula chikwama kufuna sikuludilaiva. Potulutsa, chingwe chinagwera pansi, chabuluu, chonenepa ngati chomangira ng'ombe, cha mfundo zitatu. Anachitola, n'kukweza maso kuyang'ana kawindo ka m'bafa.

"Zitsulo za pawindo izo n'zolimba? Zingapirire kulemera kwa munthu?"

"Tulukani."

"Mwati?"

"Ndati tulukani, adada. Chipinda chino chili ndi mwini wake, ndangokumbukira."

A Mtonga anaseka kamodzi, kuseka kopanda mano. "Ndinadziwa. Ena aja anati zadzaza, inu mwakumbukira mwini wake. Mukuopa matiresi anu eti? Pulasitiki ndabweretsa yanga, iyi. Sindine mwana."

"Za matiresi wanena ndani? Akazi anu ali kuti?"

"M'chipatala. Mawa akulowa kufiyeta."

"Ehe! Mbwenu!" NyaHara anaomba m'manja. "Akazi ali chigonere, inu mwabwera nokha ndi bango, ndi chingwe, mukufunsa ngati zitsulo zingapirire munthu. Mukuyesa ndine wakhungu? Loji ya patsidya apo chaka chatha anabwera bambo waulemu ngati inu, tayi pakhosi. M'mawa anachita kuthyola chitseko. Mpaka lero mulibe mlendo, mukugona mileme. Ine ndili ndi ana a sukulu. Kafereni kwina, osati m'bafa mwanga."

Zonse a Mtonga anaziganizira panjira, koma izi ayi.

"Amama, ine ndidzimangirire pawindo? Ndiimirira ndi chiyani?"

"Wa chaka chatha uja anamupeza atagwada."

Apa panalibenso nthabwala. A Mtonga anayang'ana foni. Hafu pasiti foro. Loji ina yoti akayese panalibe nthawi yake, ndipo mayi anali atagwira kale kiyi m'manja. Mwamuna wachingoni salankhula za kuchimbudzi ndi mkazi wa eni, ngakhale ndi mlongo wake. Zaka zonsezi nkhani imeneyi ankaidziwa ndi NyaZimba ndi anamwino basi. Anayang'ana pansi, n'kuyamba.

"Tamverani, amama, ndinena kamodzi. Ine kumunsi kuno sindimva kanthu. Faifi koloko ikakwana ndisanakhale pachimbudzi icho, zonse zichitikira pachikuku pano. Wondisambitsa palibe, buluku ndili ndi limodzi lina. Ndiye mawa ndikaonana ndi NyaZimba ndikununkha, kapena sindipitako n'komwe. Bango ili ndi muyeso wa chikuku, taonani." Analigoneka pamatayala, linakwana ndendende. "Chingwe ndi chodzikokera. Kunyumba ndili ndi mtengo wogwira, muno mulibe. Ndikagwira sinki yanuyo izuka, ndigwa nayo. Kufa ndikanafuna ndikanafera ku Joni, kunali kosavuta."

NyaHara anawayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Olankhula bwino ndi omwewo," anatero. "Kuchipatalako kuli ndani? Ndipatseni nambala."

"Mukufuna nambala ya alamu anga ya chiyani?"

"Ya chiyani? Ndifunse ngati muli ndi mkazi n'komwe."

Anawapatsa monyinyirika. NyaHara anaimba ali chiimire, foni ataikweza mawu kuti onse amve.

"Ndinu a Caroline? Kuno kwabwera bambo wa pachikuku, ali ndi bango ndi chingwe."

"Iii, ndi alamu anga amenewo," anatero Caroline. "Ayesa kale makomo anu? Apirireni, amama, ndi aliuma. Ngakhale kwathu anayesa, tinachita kugumula khoma."

"Mutu wawo uli bwino?"

"Mutu ndiye wanyanya. Auzeni kuti achemwali akufunsa ngati apeza pogona."

NyaHara anadula foni. Nkhope sinamasuke kwenikweni, koma kiyi anaiika m'thumba la diresi.

"Mugona. Koma kiyi ikhala ndi ine, chipinda simukiya. Chingwe ndimanga ndine, pachitsulo cha m'munsi, ndipo chingwe chotsala ndichikulunga."

"Kiyi ikhale ndi inu, katundu wanga ali muno?"

"Katundu wake uti? Ulusi?"

A Mtonga anachotsa foni m'thumba la malaya n'kuikhalira.

Hinjesi ya m'munsi anamasula okha. Ya m'mwamba sakanaifikira, ndiye NyaHara anabweretsa kireti ya mabotolo, anavula masilipasi, n'kukwerapo. Masikuluwo anali atamatidwa ndi penti.

"Palani kaye pentiyo. Ayi, kumanzere, amama. Uko mukumanga."

"Ndinamanga loji ino ndekha, musandiphunzitse."

"Amene anakuikirani chitseko chogunda sinki anakuberani."

"Anali malemu amuna anga."

"Pepani. Koma anakuberanibe."

Sikulu yomaliza inatuluka faifi koloko itatsala mphindi khumi. Chitseko anachitsitsa awiri, wina m'mwamba wina m'munsi. Kuchigoneka pansi NyaHara anakana kwamtuwagalu. Anachiimika kukhoma, n'kuchiphimba ndi nsalu ya patebulo kuti asamachione. Kenako analowa m'bafa n'kumanga chingwe. A Mtonga anachikoka kamodzi, kawiri, kachitatu ndi manja onse.

"Mfundo yanu ndi ya mtolo wa nkhuni iyi. Bwerezani."

Anabwereza akutokota m'Chitumbuka. Atamaliza anabweretsa mpando wa pulasitiki wosambirapo, womwe a Mtonga anautembenuza n'kuunika miyendo yonse inayi ngati ili ndi mng'alu. Mayi anaima pakhomo la chipinda manja m'chiuno.

"Ndidikire pano?"

"Mupite, amama. Yewo."

Chitseko cha chipinda chitatsekeka, a Mtonga analunjika khomo la bafa. Anachotsa manja pamatayala kuti zala zisapanike, n'kudzikoka ndi mafelemu a khomo. Chikuku chinakhula penti uku ndi uku, koma chinalowa. Anachiyandikiza kuchimbudzi, anamanga mabuleki, anatsitsa mapazi pansi limodzilimodzi ndi manja. Matailosi aja anali oterera. Anavula malaya, anawayala pansi pa mapazi. Dzanja lamanja linagwira mfundo yachiwiri ya chingwe, lamanzere pampando wa chimbudzi. Apa ndi pomwe NyaZimba ankawagwira m'khwapa n'kunena kuti tiyeni. Anadikira pang'ono ngati wina anena. Kenako anadzikoka.

Chitsulo cha pawindo chinalira. Mpando wa chimbudzi unasendera kumbali, thupi linapendekeka, phewa linagunda khoma. Anakangamira chingwe mpaka mitsempha ya m'khosi inatuluka, anadzikokanso, n'kukhala. Anakhala bwinobwino, pakati. Thukuta linali chuchuchu, koma faifi koloko inawapeza pamalo pake.

Zinawatengera pafupifupi ola, monga mwa masiku onse. Anasamukira pampando wa pulasitiki, anasamba, anadzipukuta, anaunika khungu la kumbuyo ndi kagalasi ngati lachita bala. Pobwerera pachikuku m'pamene anamva kuti kunja kwa kawindo kuli munthu. Masilipasi ankasuntha pang'ono, kuima, kusunthanso. Anali pamenepo kuyambira kale.

A Mtonga anagujumula madzi, anadikira kuti phokoso lithe.

"Amama NyaHara."

Masilipasi anaima.

"Ndamaliza, ndili moyo. Mukhoza kupita."

"Ndani akukudikirani? Ine ndikuthirira maluwa."

"Kuseri kuno kuli maluwa?"

"Ndidzala mawa." Masilipasi anayenda masitepe atatu n'kuimanso. "Kuchipatala amatsekula sikisi. Ndidzagogoda faifi. Mukapanda kuyankha kawiri ndilowa, kaya mwavala kaya simunavale."

"Ndidzayankha koyamba," anatero a Mtonga, akufunafuna nambala ya Caroline kuti awauze akazi awo kuti pogona papezeka.