Kutsitsa Mphuno ya Galimoto Yofiira

Ntchito yanga pa Nathenje inali yokweza magalimoto. Alimi a fodya ankabwera ndi mapikiapu otopa, ine n'kuwonjezera masipuling'i kumbuyo kuti azinyamula mabelo ambiri. Kwa ine galimoto yabwino inali yoti munthu n'kulowa pansi pake popanda jeke.

Matipate atangoyamba kumene kunabwera mtchona wina kuchokera ku Joni, mwana wa konkuno. Anabwera ndi galimoto yofiira ya zitseko ziwiri, mipando iwiri basi. Ndinali ndisanaonepo yotero. Kutalika kwake inkangopitirira pang'ono m'chiuno mwanga. Injini ikalira unkaimva m'chifuwa. Anthu ankatsika m'minibasi kudzaiona.

Anati ndiitsitse kutsogolo. Pakati pa tayala ndi bodi pankalowa chibakera changa, iye ankafuna pazilowa zala ziwiri. Anati ku Joni amatero kuti galimoto izigwira msewu. Anatinso Loweruka akukatenga mkwatibwi wake kumudzi wina kuseri kwa Mitundu, ndipo ankafuna ikafike itaweramitsa mphuno.

Ndinamuuza kuti kamsewu kolowera m'mudzimo ndimakadziwa. Ngolo zinakakumba uku ndi uku, pakati n'kutsala mzere ngati wa mbatata, wouma gwa, wamiyala. Sampu, yosungira oyilo pansi pa injini, ikagunda pamenepo n'kung'ambika, ina sangaipeze m'dziko muno, ndipo mkwatibwi apita ku tchalitchi pa ngolo.

"Dulani, madala," anatero. "Ndinamulonjeza."

Ndinadula. Sipuling'i iliyonse ndinaimanga ndi waya kuti isandiulukire kumaso, n'kuchotsako mkombero umodzi ndi sowo. Chitsulo chake chinali cholimba, mkono unachita dzanzi. Ndinkadziwa kuti sindingachibwezerepo. Nditatsitsa jeke, galimoto inagwada ngati mphaka woti alumphe.

Tinakaiyesa pa phula, njira ya ku Dedza. Pokhota pamene malole amachepetsa liwiro, iye sanachepetse. Ndinagwira mpando ndi manja onse. Galimoto sinapendekeke ngakhale pang'ono, inangokhota ngati yamatidwa pa msewu. Moyo wanga wonse ndagwira zitsulo, koma sindinkadziwa kuti chitsulo chingamvere munthu chonchi.

Loweruka m'mawa ananditenga kuti ndikhale pafupi. Mpaka pa Mitundu tinayenda bwino, pang'onopang'ono. Titafika pokhotera kumudzi ndinatsika, n'kugona chafufumimba kuyang'ana pansi. Pakati pa sampu ndi mzere uja pankalowa chala chimodzi, ndipo kutsogolo mzerewo unkakwererabe. Ndinamuuza kuti siidutsa. Anazimitsa injini, n'kungokhala atagwira chiwongolero. Thukuta linanyowetsa kolala ya malaya ake aukwati.

Amalume a mkwatibwi anatipeza pa njinga. Anamva nkhani, anasuzumira pansi, n'kubwerera. Ndinkaganiza kuti akukamanga ng'ombe pa ngolo.

Masiku amenewo munthu sunkamuuza zokonza msewu. Ankakuyankha kuti thangata inatha, ino ndi demokalase. Milatho inkaola anthu akuiona. N'chifukwa chake nditaona fumbi likubwera, ndi makasu akung'anima pamapewa, sindinakhulupirire. Unali mudzi wonse. Amuna atavala majekete, amayi atamanga zitenje pamwamba pa madiresi aukwati.

Anayamba kugumula mzere uja. Miyala ankaizula ndi manja. Mayi wina anafunsa kuti galimoto yake ndi yotani yofuna kuilimira ngati fodya. Wina anati mwina ku Joni misewu amaisita ndi simbi. Ankaseka, koma makasu sanaime.

Amalume aja anafika pawindo, khasu lili m'manja.

"Akamwini, kuno mkamwini ndiye amalimira apongozi. Inu mwayamba ndi kutilimitsa ife?"

Mtchona uja anatsika, anavula jekete, analandira khasu. Makiyi anandiponyera ine.

Ndinakhala pampando wake. Unali pansi kwambiri moti anthu ndinkawaona m'mawondo. Ndinaliza injini, n'kuyamba kukwawa kumbuyo kwa makasu, khutu langa lili pansi pa galimoto. Ndinkadikira kumva chitsulo chikukhula mwala. Amayi anayamba nyimbo ya ukwati, makasu n'kumagwa motsatira nyimboyo. Msewu unkasalala ndikuona, ine n'kumaupondera kumbuyo. Sindinamve kukhula kulikonse.

Ndinaimitsa pakhomo penipeni pa apongozi a mtchona uja. Ndinagwada n'kupisa dzanja pansi pa sampu. Panali pouma.

Mkwatibwi anatuluka ndi chovala chake choyera. Anayang'ana galimoto, anayang'ana mwamuna wake ali mbuu ndi fumbi, n'kumupukuta kumaso ndi kampango. Polowa anachita kuwerama kwambiri. Mipando inali iwiri, choncho ine ndinakwera lole ya akwaya. Ndinaima kutsogolo kwenikweni, kuti ndiziiona galimoto yofiira ija ikuyenda.