Chaka Chimene Ndinkalota Ndili M'dengu la Tiyi

Ndinali ndi zaka khumi ndi zinayi pamene loto linatsala pang'ono kundimana sekondale. Tinkakhala kukomboni ya esiteti ina ya tiyi kufupi ndi Thyolo Boma, ine ndi amayi anga, amene ankagwira ntchito yotchola tiyi. Khomo loyandikana ndi lathu linali la akulu awo, a Elube, mayi wopanda mwana koma wa nkhuku zambiri ndi mawu ambiri. Kugona ndinkagona kwathu, koma kudya, kulukidwa tsitsi ndi kukalipiridwa, zonsezo ndinkalandirira kwa a Elube.

A Elube ndiwo ankamasulira maloto a komboni yonse. Udindowo palibe anawapatsa, anangoutola okha. M'mawa anthu asanalowe m'munda, ankakhala pampopi ndi ndowa yomwe sinkafulumira kudzadza, akumvetsera zimene anthu alota. Ukalota nyama, maliro. Ukalota dzino litaguluka, maliro a wachibale. Ukalota nsomba, mimba, ndipo wolotayo akakhala bambo wokalamba, a Elube ankayamba kuyang'anitsitsa ana ake aakazi. Mlonda wina analota njinga yake itamera nyanga. Anamuuza kuti aigulitse isanamugunde, ndipo amene anaigula anali mlamu wawo wa a Elube omwewo. Poti pakomboni yaikulu maliro sasowa, sipankatenga nthawi kuti timve iwo akuti, "Si ndinanena ine?"

Chaka chimenecho ndinakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo ndinasankhidwa kupita kusekondale ya atsikana yogonera komweko, kutali ndi kwathu. Amayi anavina pabwalo dengu lili kumsana. Anagula sutikesi yachitsulo ku Limbe, ndowa yatsopano ndi nsapato zakuda zomwe zinali zazikulu moti chala chinkalowa kumbuyo. Ndiye malotowo anayamba.

Ndinkalota ndili m'dengu la tiyi, nditapinda miyendo pakati pa masamba onyowa ndi mame. Wina ankandinyamula kukandikoleka pasikelo, thalakitala ikudikira pambali. Kenako kapitao ankapisa dzanja m'dengumo monga amachitira pofuna kuona ngati muli masamba okhwima, nkunditulutsa ine, nkupukusa mutu, nkundikhuthulira pansi anthu onse akuona. Ndinkadzuka fungo la tiyi wosaphika lili m'mphuno.

Kupusa kwanga, ndinakalinena pampopi.

A Elube anatula ndowa pansi pang'onopang'ono. "Dengu ndi bokosi," anatero. "Thalakitala ndi galimoto yonyamula maliro. Mwanayu akapita kusukulu imeneyo, adzabwera chogona."

Amayi sanali munthu wotengeka ndi zilizonse, koma ndinali mwana wawo mmodzi yekhayo. Tsiku lomwelo sutikesi ija inalowa kunsi kwa bedi. Anandiuza kuti sukulu ndi sukulu, ndiziyendera yapafupi nkumabwera kunyumba madzulo. Ndinalira mpaka maso kutupa, pakuti malo amenewo ndinawavutikira, ndipo ndinkadziwa kuti ndikapanda kupita sukulu ikatsegulira, awapatsa wina.

Ndinayesa kusintha maloto. Ndinagona mutu uli kumiyendo, koma dengu linanditsata komweko. Ndinayang'anitsitsa chithunzi cha ndege m'buku la sayansi tsiku lonse, ndipo mwamwayi ndinailotadi. Ndinathamangira kumpopi ndi nkhani yabwinoyo. A Elube anati ndege yobwera munthu ali m'tulo tonse tikuidziwa eni ake, ndipo anandimwetsa madzi owawa a masamba omwe mpaka lero sindidziwa dzina lake.

Amene anatipulumutsa anali aphunzitsi anga a Sitandade 8, amadamu a Nyirenda, ochokera ku Rumphi. Anabwera Loweruka masana, nkukhala pamkeka pakhonde pathu. A Elube anabwera osaitanidwa, atanyamula lichero la nandolo kuti azioneka ngati ali pantchito. Ndinkayembekeza kuti amadamu awanena kuti ndi zachikale, koma iwo anatembenukira kwa ine.

"Edina, kapitao wa m'malotoyo ndi wa pompano?"

Ndinaganiza kaye. "Ayi. Amavala tayi. Ndiye amayankhula Chingelezi chokhachokha."

"Amati chiyani?"

"Amandifunsa dzina langa. Ine ndikati ndiyankhe, pakamwa pamatuluka Chilomwe."

Amayi anaseka mosafuna. Amadamu anafunsanso ngati ndinaonapo dengu likukhuthulidwa pansi. Apa ndinayang'ana kumbali. Ndinaliona, tsiku lina nditapititsa chimanga chowiritsa kumunda. Linali dengu la amayi. M'kati munapezeka masamba okhwima m'malo mwa awiri anthete ndi kansonga, ndipo amayi anagwada padzuwa kuwachotsa limodzilimodzi, anzawo akudutsa. Sanadziwe kuti ndinaona, ndipo ine sindinauzepo munthu.

"Ukuopa kuti kusukuluko akakupisa dzanja nkupeza kuti sindiwe tsamba loyenera," anatero amadamu. "Kuti ana a mabwana akakuona kuti ndiwe wa kukomboni. Maloto sabwera ndi katundu wachilendo, mwana wanga. Amatola zomwe waona masana nkumangira zomwe ukuopa kunena."

Zinali zoona, ndipo ndinachita manyazi ngati andivula pagulu. Nthawi yonseyi pakamwa ndinkati ndikufuna kupita, koma m'mimba munali mantha okhaokha.

A Elube sanagonje msanga. Anati amenewo ndi maphunziro, koma loto ndi loto. Amadamu anawauza kuti nawonso, atauzidwa kuti akaphunzitse ku Thyolo kumene sankadziwako munthu, ankalota ataima kutsogolo kwa kalasi, choko chitasanduka chinangwa.

"Chinangwa nchoyera," anatero a Elube mwachangu. "Nsalu yokulungira mtembo imeneyo."

"Ndiye imfayo yasochera, mayi, chifukwa ana amene ndinayamba nawo pano ena ali pabanja."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. Kenako amadamu anafunsa funso lomwe palibe anafunsapo pakomboni ponse: "Nanga inuyo a Elube, masiku ano mukulota chiyani?"

A Elube anasenda nandolo kwa kanthawi. Anati iwo salota zambiri, kungoti masiku amenewo ankalota akuitana nkhuku zawo kuti zilowe m'khola. Zonse zinkabwera kupatula kamsoti kamodzi. Ankakaitana mpaka mawu kutha, akuyendayenda m'mizere ya tiyi, koma osakapeza.

"Ndiye mwamasulira bwanji?" anafunsa amayi.

"Chitopa," anayankha, koma mawu awo anali atachepa.

Amayi anawayang'ana akulu awo nthawi yaitali, kenako anati, "Achemwali, kamsotiko kazibwera paholide."

A Elube anati m'maso mwawo mwalowa kachitsotso ka nandolo, nkunyamula lichero lawo kupita kwawo. Madzulo omwewo sutikesi inatuluka kunsi kwa bedi.

Tsiku lonyamuka, tikudikira minibasi pamsewu, a Elube anafika ndi kapoto kokulunga m'chitenje. Anati analota nkhuku yokazinga, ndipo kumasulira kwake nkwakuti ndiidye m'njira, ndisagawireko munthu. M'mbiri yonse ya ntchito yawo, limeneli ndilo loto lokhalo lomwe linakwaniritsidwa ndendende tisanafike ndi pa Bvumbwe pomwe.

Kusukuluko anandisekadi kayankhulidwe kanga masabata oyamba, ndipo ndinalira m'bafa kangapo. Koma palibe anandikhuthulira pansi, ndipo loto lija linaleka lokha.

Lero ndine mayi wa ana, ndipo a Elube anatisiya. Dengu lija limabwerabe mwa apo ndi apo, ndikayamba ntchito yatsopano kapena ndikauzidwa kuti ndikayankhule pagulu. Likabwera sindifunsa kuti amwalire ndani, ndimadzifunsa kuti ndikuopa sikelo ya ndani. Chimene chinanditengera zaka kuti ndimvetse ndi cha a Elube. Ankamasulira maloto a komboni yonse molimba mtima, koma lawo lomwe, losavuta kuposa onse, linawakanika, chifukwa kulimasulira kunali kuvomera kuti adzatsala okha. Kunena kuti ndikafa kunali kopepuka kwa iwo kusiyana ndi kunena kuti adzandisowa.