Bokosi la Agogo Likwera Pakhoma

Ndikakumbukira agogo anga aamuna, ndimamva fungo la girizi ndi thonje limene linakanirira m'zikhatho zawo ngakhale fakitale ya nsalu ku Chegutu, kudziko la eni kumene anapita kukagwira ntchito, itasiya kulira. Popuma ntchito anawapatsa bokosi lolemera la pulasitiki woonekera ngati galasi, m'kati mwake muli kabwato kathabwa koyendetsa ulusi pamakina amene ankawakonza.

Bokosilo linkakhala kunsi kwa bedi, litakulungidwa m'bulangete. Agogo aakazi akati alipachike, yankho la agogo aamuna linali limodzi: "Mlendo saboola khoma, mayi. Tikupita kwathu ku Dedza." Ngakhale kalendala ya kutchalitchi inkangokolekedwa pachitseko.

Ndili ndi zaka khumi, kunabwera uthenga woti mlongo wa agogo aamuna, yekhayo amene anatsala kumudzi, anamwalira ndipo anaikidwa kale. Agogo sanalire pamaso pathu. Anakhala masiku awiri pansi pa mtengo wa mapeyala, sadza, nsima yakumeneko, ikuzizira m'mbale.

Tsiku lachitatu m'mawa anakabwereka chiboolera kwa mnzawo. Anayamba kugogoda khoma la pabalaza ndi chala, khutu ataligunditsa, kufuna pamene pali njerwa yeniyeni. "Apa ndi dothi lokhalokha, lingatinamize," anatero, n'kusuntha. Anaboola mabowo anayi, fumbi lofiira likugwera pamasharubu, anakhomeramo mapulagi ogwira masikuluwu, kenako anamanga thabwa lochindikala ndi masikuluwu aatali, ataika botolo la madzi pamwamba pake kuti aone ngati lapendama. Asanakolekepo bokosi analendewera pathabwapo ndi manja onse, mapazi ali m'mwamba.

"Abambo, mugwa!" anakuwa agogo aakazi.

"Likandinyamula ine, silidzagwera mwana."

Atalikoleka, ndinawafunsa m'Chishona, monga tinkachitira anafe, ngati ku Dedza sitipitanso. Anandiyankha m'Chichewa, maso ali pakhoma: "Wondilandira kulibe, mdzukulu wanga. Amene ndili nawo ndi inu."

Agogo aakazi anatenga tsache n'kuyamba kusesa fumbi lija pang'onopang'ono, atatifulatira, ndipo anasesa nthawi yaitali pamalo oyera kale.

Agogo aamuna tinawaika ku Chegutu komweko. Ine ndimakhala ku Kadoma, tauni yapafupi ndi Chegutu, tsopano, ndipo ana anga Chichewa amangochimva. Mwezi wathawu mwana wanga wamng'ono anafunsidwa kusukulu kuti kumudzi kwawo ndi kuti. Anabwera kudzandifunsa, ndipo ndinamuuza kuti alembe Chegutu.